Injini Ikazima Mumlengalenga

Nyumba yathu ili kunja pang'ono kwa tauni ya Chipata, ndipo nthawi ndi nthawi, makamaka m'nyengo ya cilimwe pamene alendo oona nyama amaculuka ku cigwa ca Luangwa, pamwamba pa denga lathu pamadutsa tindeke tating'ono. Ife awiri, amene tinapuma pa nchito ya uphunzitsi ndipo tsopano tikulera adzukulu atatu, tili ndi cizolowezi cimodzi cimene sitinapangane. Tikamva kulira kwa kandeke timaleka kulankhula ndi kuchera khutu, kufikira kulirako kutazimirira kuseri kwa mapiri. Kwa zaka zambiri sitinauzane cifukwa cake, koma cinali cimodzi. Tonse awiri tinali kudikira kumva ngati injiniyo idzakhosomola, pakuti tinali kukhulupirira kuti injini ya ndeke ikangozima, ndekeyo imagwa ngati mwala woponyedwa m'citsime.

Mantha amenewa sitinawatole panjira. Aliyense amene anali wamkulu m'dziko muno m'caka ca 1993 akukumbukira za usiku wa pa 27 April, pamene ndeke ya asilikali ya mtundu wa Buffalo, yonyamula timu yathu ya mpira pa ulendo wa ku Senegal, inagwera m'nyanja itangonyamuka pa Libreville m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 anafa, ndipo 18 mwa iwo anali osewera. Lipoti la ku Gabon limene linatuluka m'caka ca 2003 linanena kuti injini ya kumanzere inaonongeka, ndipo woyendetsa, ali wotopa, anazimitsa ya kumanja imene inali yabwino. Tsono ife tinali kunena mumtima kuti, ngati ndeke yaikulu ya mainjini awiri inatha motero, nanga kandeke ka injini imodzi kangapulumutse yani?

Cimene cinagwedeza maganizo athuwa ndi nkhani imene inacitika kutali kwambiri ndi kuno, m'dziko la Colombia ku South America, m'caka ca 2023. M'mawa wa pa 1 May, kandeke ka mtundu wa Cessna 206, ka injini imodzi ndi mipando 6, kananyamuka pa kabwalo ka Araracuara, pakati pa nkhalango ya Amazon, kupita ku tauni ya San José del Guaviare, ulendo wa makilomita pafupi-fupi 350. Kudera limenelo miseu kulibe, kotero kuti munthu amayenda pa bwato masiku ambiri kapena kukwera kandeke. M'kati munali anthu 7: woyendetsa, mtsogoleri wina wa eni nthaka a kumeneko, ndi mai wina wa mtundu wa Huitoto pamodzi ndi ana ake anai. Woyamba anali mtsikana wa zaka 13, womutsatira mtsikana wa zaka 9, kenaka mnyamata wa zaka 4, ndi khanda la miyezi 11.

Ali pakati pa ulendo, woyendetsa anaitana pa wailesi kunena kuti injini yavuta. Patapita kanthawi ananena kuti yayambanso kugwira nchito, napitiriza ulendo. Sipanapite nthawi yaitali, injini ija inavutanso, ndipo pa mauthenga ake otsiriza ananena kuti akufunafuna mtsinje woti aterepo, pakuti pansi pake panalibe munda, dambo kapena mseu, koma mitengo yokha-yokha kufikira kumene maso alekezera. Kumtsinjeko sanafike. Kandeke kanagunda nsonga za mitengo ndi kuzika mphuno pansi, ndipo nkhalango inakaphimba kotero kuti ofunafuna anatha masabata awiri asanakaone. Atakapeza, anapeza mitembo ya akulu atatu aja, koma ana panalibe. M'masiku omwewo anatola m'nkhalangomo botolo loyamwitsira khanda, kasizasi ndi zipatso zolumidwa, naonanso kamsasa ka nthambi ndi mapazi ang'ono-ang'ono m'matope.

Nkhaniyi tinaimva pa wailesi pakati pa mwezi wa May, ndipo kuyambira pamenepo usiku uliwonse tinali kudikira kumva ngati anawo apezeka. Koma funso limene linatisautsa poyamba silinali la nkhalango ai. Tinali kudabwa kuti zingatheke bwanji kuti munthu, ngakhale khanda, atuluke wamoyo m'ndeke imene injini yake yazima mumlengalenga.

Zinangocitika kuti m'masiku omwewo kunyumba kwathu kunabwera mphwathu, amene ndi makanika wa tindeke tating'ono ku Lusaka. Titakhala pakhonde madzulo, tinamufunsa funso lathu lija. Iye sanayankhe msanga. Anapempha pepala kwa mdzukulu wathu wamng'ono, nalipinda ngati ndeke, naliponya kucokera pakhonde. Pepala lija linatsetsereka bwino-bwino pa mphepo ndi kukatera pafupi ndi nkhokwe.

“Atsibweni,” iye anatero, “kodi m'pepala limeneli muli injini? Nanga kabawi akamazungulira pamwamba pa khola la nkhuku, kodi amakhala akukupiza mapiko?”

Anatifotokozera kuti cimene cimanyamula ndeke si injini ai, koma mapiko, pamene mphepo ikupita pa iwo mwa liwiro lokwanira. Nchito ya injini ndi kukoka ndekeyo kutsogolo. Injini ikazima, woyendetsa amaweramitsa mphuno ya ndeke pang'ono, ndipo kulemera kwa ndekeyo kumatenga malo a injini, monga mmene njinga imayendera pa mtsetse popanda kupalasa. Tindeke tambiri ta injini imodzi timapita kutsogolo mamita 8 kapena 9 pa mita imodzi iliyonse imene tatsika. Ndiye kuti kandeke kamene kali mamita 1,000 pamwamba pa nthaka kangathe kufika pa mtunda wa makilomita 8 kapena 9, ndipo woyendetsa ali ndi mphindi zinai kapena zisanu zoti asankhe potera. Pofika pansi kamakhala pa liwiro la makilomita pafupi-fupi 100 pa ola, liwiro la galimoto pa mseu wa tala. Ndi liwiro loopsa ndithu, koma si kugwa kwa mwala.

Cimene cimapha anthu kawiri-kawiri, mphwathu anatero, ndi cimene mantha amalamula dzanja la woyendetsa kucita. Munthu akaona nthaka ikuyandikira, thupi lake lonse limamuuza kuti akoke ciwongolero kuti mphuno ya ndeke ikwere. Akatero liwiro limacepa, mapiko amaleka kunyamula, ndipo ndeke imapendekeka nigwa mozungulira. Pamenepo ndiye pamene imagwadi ngati mwala. Coopsa cina cimadza pamene injini yazima ndeke itangonyamuka kumene. Mtima umafuna kubwerera pabwalo limene likuoneka kumbuyo, koma kukhota kumadya liwiro ndi kutalika komwe, ndipo ambiri afa akuyesa kubwerera. Cifukwa cace ophunzira amauzidwa kuti atere kutsogolo, pamalo alionse oyera amene akuwaona, ngakhale ndeke ionongeke.

Kuti dzanja lisamvere mantha, wophunzira kuyendetsa ndeke amabwereza zinthu zimodzi-modzi kambiri-mbiri. Mphunzitsi wake amacepetsa mphamvu ya injini mwadzidzidzi ali mumlengalenga, nati, “Injini yazima, ucita ciani?” Coyamba ndi kugwira liwiro loyenera. Caciwiri ndi kusankha potera, moyang'anana ndi mphepo, imene amaidziwa poona utsi wa lupsa kapena kuwerama kwa udzu. Munda wa mizere amautera motsata mizereyo, osati modula. Amasamala zulu, zitsa ndi mawaya a magetsi, ndipo amadziwa kuti dambo limene likuoneka losalala m'dzinja lingakhale matope okha-okha. Cacitatu, ngati nthawi ilipo, ndi kuyesa kudzutsa injini, makamaka potembenuzira ku thanki ina ya mafuta. Pambuyo pake ndiye amaitana pa wailesi, kuchula katatu liu lakuti Mayday, locokera ku Cifalansa ndipo tanthauzo lake ndi kupempha thandizo. Potsiriza amatseka mafuta ndi magetsi kuti moto usabuke, amauza onse kumanga malamba zolimba, ndi kumasula citseko asanagunde pansi, kuopa kuti cingapindike ndi kuwatsekera m'kati.

Tinamufunsa kuti nanga injiniyo imazimiranji. Iye anaseka pang'ono, nati anthu amaganiza kuti citsulo cimangothyoka cokha. Zoterozo zimacitika ndithu, koma kawiri-kawiri nkhani imakhala ya mafuta. Mwina atha cifukwa munthu anakhulupirira geji m'malo mosuzumira m'thanki ndi kuviikamo kandodo. Mwina alipo, koma ali m'thanki ya m'phiko lina, ndipo woyendetsa anaiwala kutembenuza kampopi. Mwina alowa madzi, a mvula kapena a cinyezi ca usiku. Cifukwa cace m'mawa uliwonse, ndeke isananyamuke, woyendetsa amakhetsera mafuta pang'ono m'kabotolo koonekera. Mafuta a tindeke totere amaikidwa mtundu wobiriwira ngati thambo, ndipo madzi, pokhala olemera, amakhala pansi pa kabotoloko monga timikanda toyera. Pa mainjini okhala ndi kabureta palinso mdani wina wodabwitsa. Mphepo yolowa m'menemo imazizira kwambiri, kotero kuti pa tsiku la cinyezi, ngakhale lofunda, madzi amaundana m'kati ndi kutsamwitsa injini, pokhapo woyendetsa atatsegula mphepo yotentha nthawi isanathe.

Anatiuzanso kuti opanga mainjiniwa anaganiziratu za tsoka. Silinda iliyonse ili ndi mapulagi awiri, ndipo moto wake umacokera ku mamagineto awiri osadalirana, kuti imodzi ikafa inzake ipitirize. Asananyamuke, woyendetsa amaima kumapeto kwa bwalo ndi kuyesa magineto iliyonse payokha. Tindeke tonyamula anthu pa malipiro timaunikidwa ndi amakanika pa maola 100 alionse a kuuluka, ndipo malamulo amafuna kuti pofika kumene akupita, m'thanki mutsale mafuta a theka la ola kapena kuposa. Mphwathu anati nchito zonsezi ndi zotopetsa, ndipo palibe amene amaombera m'manja munthu wokhetsera mafuta m'kabotolo mbandakuca. Mmodzi wa ife anangoti, “Nkhanga zinapangana kusanapse.” Iye anavomera ndi mutu.

Kuti atitsimikizire kuti kutera kotere kumatheka, anatikumbutsa za mai wina wochuka, Beryl Markham, amene anakulira ku Kenya. M'mwezi wa September 1936 ananyamuka yekha ku England m'kandeke ka injini imodzi, kulinga ku New York. Atauluka maola pafupi-fupi 20, madzi oundana anatseka timabowo topumira mathanki a mafuta, ndipo injini inayamba kuzima ndi kudzuka. Anaigwirira kufikira ataona mtunda, natera m'cithaphwi pa cisumbu ca Cape Breton ku Canada. Mphuno ya kandeke inazika m'matope, iye anatemeka pamphumi, koma anatuluka akuyenda ndi miyendo yake, ali mkazi woyamba kuoloka nyanja ya Atlantic yekha kucokera kum'mawa kupita kumadzulo.

Woyendetsa wa ku Colombia uja analibe ngakhale cithaphwi. Anacita monga anaphunzirira: anaitana, anafunafuna potera, koma nkhalango sinampatse malo. Tikunena izi kuti wina asaganize kuti kukonzekera kumatsekera tsoka citseko. Sikutero ai. Komabe kandeke kaja sikanapse, ndipo ofufuza za ngoziyo anapeza kuti mphamvu yaikulu ya kugundako inagwera kutsogolo, pamene mipando ya kumbuyo, kumene kunali ana, sinaonongeke kwambiri. Nchito ya mapiko inathera pamenepo. Kuyambira pamenepo moyo wa ana atatu unali m'manja mwa mkulu wao wa zaka 13.

Nkhalango ya kumeneko si yofanana ndi thengo lathu la misuku ndi miombo, mmene munthu amaona patali. Mitengo yake ndi yaitali ndi yothithikana, mwakuti dzuwa silifika pansi kwenikweni, ndipo munthu angadutse pafupi ndi mnzake osamuona. Inali nyengo ya mvula, yogwa maola ambiri pa tsiku. Muli njoka zaululu, udzudzu, ndi cilombo conga nyalugwe cochedwa jaguar. Boma linatumiza asilikali oposa 100 pamodzi ndi agalu onunkhiza, ndipo eni nthaka ambiri anabwera modzipereka kudzathandiza, popeza iwo amawerenga nkhalango monga ife timawerengera buku. Nchitoyo anaicha dzina lakuti Ciyembekezo. Pa 17 May pulezidenti wa dzikolo, Gustavo Petro, analengeza kuti ana apezeka, ndipo ifenso kuno tinasangalala, koma m'mawa mwake anabweza mauwo cifukwa uthengawo sunali wotsimikizika. Mahelikopita anaponya zakudya ndi timapepala zikwi-zikwi m'nkhalangomo. Anajambulanso mau a ambuya a anawo, akulankhula m'cinenero cao ca Huitoto, nawaulutsa pa zokuzira mau kucokera mumlengalenga, kuuza adzukulu ao kuti anthu akuwafunafuna, aleke kuyenda, akhale pamalo amodzi.

Pansi pa mitengo ija, anawo anali kudya ufa wa cinangwa wokazinga umene anatenga m'kandeke, cakudya ca tsiku ndi tsiku ca anthu a kumeneko. Utatha, anadya zipatso ndi njere za m'nkhalango. Mtsikana uja anadziwa zodyedwa ndi zosadyedwa, anadziwa kumanga msasa wa nthambi, ndiponso anadziwa kusamala khanda, popeza anali atazolowera kulera ang'ono ake pamene mai ao anali ku nchito. Zonsezi anaziphunzira kwa mai ake ndi ambuya ake, pa masiku wamba, pamene panalibe amene anali kuganiza za ndeke. Khanda lija linakwanitsa caka cimodzi lili m'nkhalango, ndipo mnyamata uja anakwanitsa zaka 5 momwemo.

Pa 9 June, patapita masiku 40, gulu la ofunafuna linawapeza onse anai ali moyo, pa mtunda wa makilomita ocepa cabe kucokera pamene panali kandeke. Anali oonda, olumidwa ndi tizilombo, ndi ofooka kwambiri. Asilikali anali atapangana kale kuti akapeza mwana wamoyo adzanena pa wailesi liu la Cisipanishi lotanthauza cozizwitsa, ndipo tsiku limenelo liulo linamveka kanai. Anawo anatengedwa kupita ku cipatala ca asilikali mumzinda wa Bogotá, kumene anakhala kuposa mwezi umodzi. Galu mmodzi wa asilikali, dzina lake Wilson, amene anasocera pa nchitoyo, sanapezekenso.

Ife sititsutsa amene anati cinali cozizwitsa. Koma tinaona kuti cozizwitsaco cinadzera m'manja mwa mwana amene anaphunzitsidwa. Tinaonanso cina cimene nkhani za cimwemwe zija sizinanene kwambiri. Oyendetsa ndeke amaphunzitsidwa kuti akatera mwangozi akhale pafupi ndi ndeke yao, pakuti ndeke imaoneka msanga kuposa munthu. Anawo anacoka, ndipo sitingawaimbe mlandu, popeza palibe mwana amene angakhale masiku ambiri pafupi ndi mtembo wa mai ake. Abale ao ananenanso pambuyo pake kuti anawo anali kubisala akamva phokoso la ofunafuna, cifukwa ca mantha. Kudera limenelo kuli magulu a zigawenga, ndipo mwana amakula akudziwa kuti munthu wa mfuti ndi wothawidwa. Cimene anaphunzira cinawasunga, ndipo cimene sanauzidwe cinatalikitsa masiku ao m'nkhalango.

Usiku umene tinamva kuti apezeka, maso athu anagwera pa mdzukulu wathu woyamba, amenenso anali ndi zaka 13. Anali pampando, foni kumanja, cala cikuyenda-yenda pagalasi. Ndi mwana wabwino ndi wanzeru, amakhoza bwino kusukulu, ndipo Cizungu cake cimaposa cathu. Pa cakudya tinayamba kuwafunsa onse atatu ngati masewera. Tinafunsa mmene angakolezere moto popanda palafini kapena pulasitiki. Tinafunsa mmene angasiyanitsire bowa wa ndelema ndi bowa wakupha, ndi cifukwa cimene cinangwa cowawa cimaviikidwa m'madzi masiku angapo cisanadyedwe. Tinafunsa cimene angacite atasocera m'thengo, kapena ngakhale pa siteshoni ya mabasi ku Lusaka. Mayankho anali kuseka ndi kukweza mapewa. Wamng'ono kwambiri sanadziwe maina athu enieni, koma kuti ndife ambuya basi. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadziwa pamtima nambala ya foni ya munthu aliyense, pakuti zonse zili m'fonimo.

Sitinawakalipire, cifukwa colakwa sicinali cao. Ife awiri tinakulira kumudzi. Tisanalowe sukulu tinali titadziwa kale nyengo ya masuku ndi ya masau, tinali kudziwa kuti mbalame zikalunjika kumodzi madzulo kumeneko kungakhale madzi, ndi kuti bowa amene sukumudziwa umamusiya pomwepo. Koma titakhala aphunzitsi tinayamba kuziona zonsezi ngati za kumudzi, zoyenera kusiyidwa pakhomo pa kalasi. Tinaphunzitsa ana a eni ake maina a mitsinje ya ku Ulaya, ndipo athu enieni tinawalera kuti asadzagwire khasu. Tinali ndi colinga cabwino, pakuti tinafuna kuti asadzavutike monga tinavutikira ife. Sitinaganize kuti tsiku lina cimene cimawanyamula cingathe kuzima: nchito, magetsi, foni, kapena ife amene.

Pa chuthi ca December caka comweco tinawatenga onse atatu kupita nao kumudzi. Kumeneko kuli mlamu wathu wina wokalamba, amene sanapite kusukulu koma amadziwa thengo lonse la kumeneko. M'mamawa mvula itakata anawatenga ndi lichero kukazula bowa, ife tikutsatira pambuyo monga ophunzira. Anawaonetsa ndelema, manyame ndi utale, nawaonetsanso wina wokongola kwambiri amene anawaletsa ngakhale kumugwira. Anawauza kuti asadye bowa aliyense asanaonetse wamkulu, ngakhale ataganiza kuti amudziwa. Anawaphunzitsa kusunga macisi pouma ndi kupeza tinkhuni tosanyowa kunsi kwa citsa. Ife tinaonjezapo cimene tinaphunzira ku nkhani ija: kuti ukasocera usathamange, khala pamalo amodzi oonekera, fuula, ndipo usabisale kwa okufunafuna. Wamng'ono uja tinamuloweza maina athu, dzina la mudzi ndi nambala imodzi ya foni, kufikira atayamba kuziimba ngati nyimbo.

Sitinganame kuti zonse zinayenda bwino. Tsiku laciwiri anali atayamba kudandaula za udzudzu ndi za kusowa kwa netiweki, ndipo mmodzi analira kuti akufuna kubwerera. Masabata awiri sangabweze cimene cinatayika m'mibadwo iwiri. Koma pobwerera, tili m'basi, mtsikana wamkulu uja anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anatembenuka nati, “Ambuya, nanga inu munali kuzidziwa zonsezi, cifukwa ciani simunawaphunzitse amai?” Tinayang'anana, ndipo panalibe wa ife amene anali ndi yankho loti n'kupatsa mwana. Tinangomuuza zoona, kuti tinalakwa poganiza kuti sizidzafunikanso.

Okondedwa awerengi, ambiri a ife sitidzakwera kandeke ka injini imodzi, ndipo ana athu sadzaona nkhalango ya Amazon. Koma basi imaonongeka usiku pakati pa thengo, mtsinje umadzaza ana ali kutsidya, kholo limadwala mwadzidzidzi ndi kusiya mwana wamkulu ndi ang'ono ake. Pa nthawi yotero palibe mpata wophunzira. Woyendetsa ndeke amakhala ndi mphindi zisanu, ndipo m'mphindi zimenezo amacita zokhazo zimene manja ake anazolowera kale. M'mera mpoyamba, anatero akulu. Ngati m'nyumba mwanu muli nkhalamba imene ikudziwabe za thengo, za madzi ndi za moto, musadikire maliro ake kuti muyambe kuyamikira nzeru zake. Tumizani ana akhale nayo pansi ikali ndi mau.

Tindeke tija tikali kudutsa pamwamba pa denga lathu, ndipo cizolowezi cathu coleka kulankhula sicinathe. Kusiyana kwake ndi kwakuti tsopano adzukulu amathamangira pabwalo ndi kuyamba kutsutsana za pamene woyendetsa angatere injini itazima. Wina amati pabwalo la mpira la kusukulu, wina amati m'munda wa nshawa wa aneba athu, motsata mizere. Mlungu watha wamkulu uja ndiye anawakumbutsa anzake kuti pabwalo la mpira pali mawaya a magetsi, ndipo asanasankhe ayambe aona kumene utsi ukulowera.